Mmene Mungasankhire RAM Yogwirizana ndi Kompyuta Yanu Yakale ya pa Tebulo

Munthu amafika atakolekera kompyuta kukhwapa, RAM (kachipangizo kamene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo) imene wagula kumene ili m'thumba la malaya, nkhope itagwa. "Ndaika ya 8GB, koma sikirini ikungokhala yakuda, makina akungolira." Zotere ndimaziona kawirikawiri. Ndikayesa, RAM imakhala yabwinobwino, kompyuta nayonso yabwinobwino, kungoti ziwirizi sizigwirizana. Wogulayo anangoyang'ana nambala ya GB, osadziwa kuti pa sitika ya RAM pali zilembo zina zimene zimanena ngati makina akewo ailandire kapena ayi.

Makompyuta ambiri amene ali m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'malo otayipira makalata ndi aja a Dell OptiPlex, HP Compaq ndi Lenovo ThinkCentre amene anagwirapo ntchito m'maofesi a kunja. Ndi makina olimba, ndipo mukawawonjezera RAM yoyenera amakutumikiraninso zaka zingapo. Zitsanzo zanga zichokera pa makina amenewa, koma njira yake ndi yomweyi ngakhale kompyuta yanu ili yolumikiza nokha.

## Zimene mufunika kukhala nazo

- Foni yokhala ndi kamera ndi tochi
- Pepala ndi cholembera
- Sikuludiraiva ya nsonga ya mtanda, ngakhale makina ambiri a mu ofesi amatseguka ndi chokokera chabe
- Kaburashi kofewa, kouma
- Pulogalamu yaulere ya CPU-Z
- Fulashi yopanda kanthu yoikamo pulogalamu yoyesera RAM
- Bandulo pang'ono ya intaneti

Ndalama zisiyeni kaye kunyumba. Simuzifuna mpaka pa gawo 9.

## 1. Tsimikizani kuti chikuchedwetsa makina ndi RAM

Tsegulani mapulogalamu onse amene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Mu Task Manager pitani pa Performance. Ngati Memory ikukhala yodzaza pafupifupi mpaka kukamwa, RAM ikuchepadi. Koma ngati Memory ili ndi malo pamene Disk ikungokhala pa 100%, vuto lalikulu ndi hard disk yakale, ndipo ndalama zanu zikagwira bwino ntchito mukagula SSD, chosungira mafayilo chothamanga cholowa m'malo mwa hard disk. RAM siichiza matenda a disk.

Mudakali pomwepo, lembani zimene zili m'munsi mwa tsamba la Memory: Speed, Slots used ndi Form factor. Izi zimaoneka pa Windows 8, 10 ndi 11.

Chenjezo: pa makina ena Slots used imanena kuti pali malo anayi pamene mkati muli awiri okha. Musaikhulupirire mpaka mutaona ndi maso.

## 2. Pezani dzina lathunthu la kompyuta

"Ndili ndi Dell" si dzina. "Dell ya Core i5" silinakwanebe. Chimene mukufuna ndi monga OptiPlex 7010 kapena HP Compaq Elite 8300, komanso kukula kwa bokosi lake. Dzinali limalembedwa kutsogolo kapena pa sitika ya m'mbali. Ngati linafufutika, dinani batani la Windows ndi R, lembani msinfo32, muone pamene palembedwa System Model.

Kukula kwa bokosi n'kofunika chifukwa dzina limodzi limakhala ndi makina angapo. HP Compaq Elite 8300 yaikulu ndi ya pakati zili ndi malo anayi a RAM yaitali, koma yaing'ono kwambiri, imene amaitcha USDT, ili ndi malo awiri ndipo imalandira RAM yaifupi ngati ya laputopu. N'chimodzimodzi ndi tima Dell ta Micro ndi tima Lenovo ta Tiny. RAM yaitali imatchedwa DIMM ndipo ndi ya masentimita pafupifupi 13. Yaifupi imatchedwa SO-DIMM, ya masentimita osakwana 7.

Ngati kompyuta ndi yolumikiza nokha, dzina lofunika ndi la motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndipo mulipeza pa gawo lotsatirali.

## 3. Funsani CPU-Z

Ikani CPU-Z, muitsegule, mulembe izi:

- Pa CPU: dzina la purosesa (ubongo wa kompyuta), monga Core i5-3470.
- Pa Mainboard: wopanga, Model ndi Chipset.
- Pa Memory: Type, Size ndi Channel.
- Pa SPD: sankhani malo alionse payekhapayekha, muone amene ali ndi RAM, kukula kwake ndi wopanga wake.

Apa pali posokoneza. Pa DRAM Frequency mudzaona nambala monga 665 kapena 798, ndipo ena amaganiza kuti anawabera. Ayi. CPU-Z imaonetsa theka la liwiro limene limalembedwa pa sitika. Chulukitsani kawiri: 665 ndi DDR3-1333, 798 ndi DDR3-1600. DDR3 ndi mtundu wa RAM, nambala yotsatirayo ndi liwiro lake.

Amene ali ndi Linux alembe sudo dmidecode -t memory, apeza zomwezi.

## 4. Tsegulani bokosi, muwerenge sitika ya RAM imene ilimo

Gawo ili ndilo mtima wa ntchito yonseyi, ndipo ndimadandaula kuti ndi limene anthu ambiri amalilumpha poopa kutsegula makina. RAM imene ikugwira ntchito m'kompyuta yanu panopa ndiyo mboni yosanama ya zimene motherboard yanu imalandira.

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Chotsani chivundikiro. Gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze china chilichonse mkati, chifukwa magetsi a m'thupi aja amene amatithetheka tikavula juzi amatha kupha RAM mosaoneka. Pa makina apakati mungafunike kutukula DVD kapena hard disk kuti muone malo a RAM. Bokosi la magetsi lokhala ndi fani lija musalitsegule ngakhale pang'ono.

Werengani malo a RAM, ndi angati ndipo opanda kanthu ndi angati. Kankhirani kunja timakutu toyera kapena takuda ta kumapeto onse awiri, RAM idzatukuka yokha. Igwireni m'mbali, osati pa mano ake agolide. Ijambuleni mbali zonse ziwiri, sitika iwerengeke bwino.

Sitikayo imalembedwa motere:

4GB 2Rx8 PC3-12800U

Tiyeni tiisenge pang'onopang'ono.

4GB ndi kukula kwake. Ichi aliyense amachidziwa.

2Rx8 imanena za kayalidwe ka timabwalo takuda ta pa RAM, timene amati ma chip. 2Rx8 imakhala ndi ma chip 16, asanu ndi atatu mbali iliyonse. 1Rx8 imakhala ndi 8, kawirikawiri mbali imodzi. Tibwererako pa gawo 7 chifukwa pamenepa pamagwa anthu ambiri.

PC3 ndi DDR3. PC2 ndi DDR2, PC4 ndi DDR4. Mukaona PC3L, ndi DDR3L, ya magetsi otsikirapo.

12800 ndi liwiro. Gawani ndi 8, mupeza 1600. Nthawi zina yankho limangoyandikira: PC3-10600 ndi 1333, PC3-8500 ndi 1066, PC2-6400 ndi 800, PC2-5300 ndi 667. Pa DDR4 opanga ambiri amalemba liwirolo mwachindunji, monga PC4-2133P, PC4-2400T kapena PC4-2666V.

U ndi kachilembo kamodzi komaliza, koma kamatha kukutayitsani ndalama zonse. U ndi RAM wamba ya kompyuta ya pa tebulo, ndiyo mukufuna. S ndi ya laputopu. R ndi ya ma seva, makompyuta akuluakulu otumikira makompyuta ena. E ndi ya ECC, RAM yodzikonzera zolakwika, ya makina apadera. Pa DDR2 muthanso kukumana ndi F ndi P, nazonso ndi za ma seva. Pa DDR4 chilembochi chimabwera patsogolo pang'ono, monga PC4-2400T-UA pa wamba ndi PC4-2400T-RA kapena RB pa ya seva.

RAM ya R imakopa anthu chifukwa imatsika mtengo kwambiri, makamaka pa intaneti, poti makampani amatulutsa yambirimbiri akamasintha ma seva awo. Imalowa bwinobwino m'malo ake, timakutu timatseka, koma makina sayaka. Mnzanga wina anatumiza ndalama kwa m'bale wake kunja kuti amugulire zinayi za 8GB, n'kudikira mwezi wathunthu. Zitafika tinapeza kuti zonse zinali PC3-10600R. Panalibe choti tichite, ndipo kubweza kukanadya ndalama zoposa mtengo wake. Mutha kuizindikira ndi maso: RAM ya seva imakhala ndi kachip kena kakang'ono pakati penipeni, ndipo ma chip ake amakhala 9, 18 kapena 36 m'malo mwa 8 kapena 16.

## 5. Mtundu wa DDR sausinthanitsa

Motherboard ya DDR3 imalandira DDR3 basi. Palibe BIOS (pulogalamu ya pa motherboard imene imayatsa makina) kapena pulogalamu ina imene ingasinthe zimenezi.

- DDR yoyamba: mapini 184, magetsi 2.5V
- DDR2: mapini 240, magetsi 1.8V
- DDR3: mapini 240, magetsi 1.5V, ndipo DDR3L ndi 1.35V
- DDR4: mapini 288, magetsi 1.2V

Onani kuti DDR2 ndi DDR3 zili ndi mapini ofanana ndiponso kutalika kofanana. Zimasiyana pa kampata kaja ka pakati pa mano, kamene kamayenera kugwera pa kamtunda ka m'malo olowetsera. Kampata kakapanda kugwirizana, siyani. Mukakakamiza mudzathyola motherboard.

Musaganizire mtundu wa DDR poyang'ana purosesa yokha. Makina a Core 2 Duo alipo a DDR2, aliponso a DDR3: OptiPlex 760 ndi ya DDR2 pamene OptiPlex 780, imene imaoneka chimodzimodzi, ndi ya DDR3. Pa makina a Intel a m'badwo wachisanu ndi chimodzi, monga a Core i5-6500 (nambala yoyambayo, 6, ndiyo m'badwo), OptiPlex 3040 ndi 5040 zimafuna DDR3L pamene 7040 imafuna DDR4. Makina a m'badwo woyamba, wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi ndi amene mungawanene mosakayika kuti ndi a DDR3.

Palinso ma motherboard ochepa, monga Gigabyte GA-G41M-Combo, okhala ndi malo a DDR2 ndi a DDR3 pamodzi. Pamenepo mumasankha mtundu umodzi. Sizigwira ntchito nthawi imodzi.

## 6. Dziwani malire a makina anu

Malire alipo atatu, ndipo otsikitsitsa ndi amene amalamula.

Motherboard. Lembani dzina la kompyuta yanu pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti specifications kapena owner's manual, muwerenge buku la wopanga weniweniyo. HP Compaq Elite 8300 ya malo anayi imafika 32GB, kutanthauza zinayi za 8GB. OptiPlex 3020 ili ndi malo awiri ndipo imafika 16GB. OptiPlex 760 imathera pa 8GB. Musaone chiwerengero chonse chokha. Onaninso kukula kumene malo amodzi amalandira. Makina a 16GB a malo awiri amafuna ziwiri za 8GB, osati imodzi ya 16GB. Pa makina a Intel a m'badwo wachiwiri mpaka wachinayi, RAM imodzi isapose 8GB.

Mudzawerenga anthu ena akunena kuti anaika RAM yoposa imene buku limanena ndipo inagwira ntchito. Zimachitikadi pa makina ena, chifukwa bukulo linalembedwa RAM zazikulu zisanafale. Koma ine ndimalola zimenezi pokhapokha ngati wogulitsa wavomera kuti tiyesere kaye pomwepo.

Purosesa. Pa tsamba la Intel kapena la AMD mupeza malire a purosesa yanu. Core i5-2400 ndi Core i5-3470 zonse zimafika 32GB, choncho pa makina amenewa chotsekereza chimakhala motherboard.

Windows. Pitani pa Settings, System, About, muone System type. Windows ya 32-bit imagwiritsa ntchito RAM yosakwana 4GB, nthawi zambiri 3GB ndi pang'ono, ngakhale mutaikamo 16GB. Kuti mupindule ndi RAM yowonjezerayo muyenera kuika Windows ya 64-bit mwatsopano, choncho sungani kaye mafayilo anu kwina. Amene adakali pa Windows 7 adziwenso kuti Home Basic ya 64-bit imathera pa 8GB ndipo Home Premium pa 16GB.

Nanga mukufunadi yochuluka bwanji? Kwa munthu wa Word, Excel, intaneti ndi kusindikiza, 8GB imasintha makina kwambiri poyerekeza ndi 4GB. Okonza zithunzi ndi mavidiyo, kapena otsegula masamba ambirimbiri nthawi imodzi, ayesetse 16GB. Kuika 32GB m'makina a 2012 ongotayipira makalata, kwa ine, n'kutaya ndalama zimene zikanagula SSD.

## 7. Werengani ma chip ngati makina ndi akale kwambiri

Ngati purosesa yanu ndi Core 2 Duo, Core 2 Quad, Pentium Dual-Core ya nthawi imeneyo, kapena Core i3 ndi i5 za m'badwo woyamba zokhala ndi manambala atatu monga i3-540 ndi i5-650, dekhani pa gawo lino.

RAM ziwiri zitha kukhala zonse 4GB, zonse DDR3, zonse U, koma imodzi n'kugwira ntchito, inayo ayi. Chifukwa chake n'chakuti 4GB itha kupangidwa ndi ma chip 16 ang'onoang'ono kapena ma chip 8 aakulu. Ma chipset (tizipangizo ta pa motherboard tolumikiza purosesa ndi zipangizo zina) akale monga G41 ndi Q45 anapangidwa ma chip aakuluwo asanabwere, ndipo sadziwa kuwawerenga. Zotsatira zake, makina sayaka, kapena amalira, kapena amaona theka la RAM.

Choncho pa makina monga OptiPlex 780, OptiPlex 380 ndi HP Compaq 8000 Elite, ngati mukufuna ya 4GB, funani yolembedwa 2Rx8, ya ma chip mbali zonse ziwiri. Ya 4GB 1Rx8 ikaneni. Vuto n'lakuti DDR3 zambiri za 4GB zimene zinapangidwa m'zaka zomalizira ndi za 1Rx8, ndiye ndi zimene zadzaza m'mashopu. Ngati sitika sinalembe, itembenuzeni RAM muwerenge nokha ma chip.

Kuyambira pa m'badwo wachiwiri wa Intel, monga Core i3-2100 ndi i5-2400, vutoli kulibe: 1Rx8 ndi 2Rx8 zonse zimayenda.

Pewaninso RAM zotsika mtengo za pa intaneti zolembedwa kuti ndi za AMD zokha. Mawuwo sanama. Pa Intel sizigwira.

## 8. Liwiro ndi magetsi

Liwiro lisakudetseni nkhawa kwambiri. RAM yothamanga imatha kutsika n'kuyendera liwiro la makina. Mukaika DDR3-1600 pa Core i5-2400, idzayenda pa 1333 chifukwa purosesayo ndi pamene imathera, ndipo palibe chimene chawonongeka. Mukasakaniza ya 1333 ndi ya 1600, zonse zimayendera yochedwayo. Choncho musalipire ndalama zowonjezera chifukwa cha liwiro limene makina anu sangalifike. RAM za anthu a magemu zija, zovala zitsulo zamitundumitundu, musazithamangire: BIOS ya makina a mu ofesi nthawi zambiri ilibe posinthira liwiro, ndipo zitsulozo zimatha kugunda DVD bokosi n'kulephera kutseka.

Magetsi ndiwo ofunika kusamala. DDR3L imatha kugwira ntchito pa 1.35V ndi pa 1.5V pomwe, choncho imalowa m'makina ambiri a DDR3 wamba popanda vuto. Koma njirayi ndi yopita kumodzi. Makina amene buku lake limati DDR3L, monga OptiPlex 3040, muikemo PC3L yokhayokha.

## 9. Imodzi kapena ziwiri, ndipo kugula kwake

Purosesa imayankhula ndi RAM kudzera m'njira ziwiri. Mukaika RAM imodzi, njira imodzi imangokhala. Ziwiri za 4GB zofanana zimathamanga kuposa imodzi ya 8GB, makamaka pa makina opanda khadi lapadera la zithunzi, poti zithunzi nazo zimadalira RAM yomweyo.

Ganizirani malo amene muli nawo. Ngati malo ndi anayi ndipo muli ziwiri za 2GB, kuwonjezera ziwiri za 4GB kukupatsani 12GB popanda kutaya chilichonse. Ngati malo ndi awiri, muli imodzi ya 4GB, njira yotsika mtengo ndi kupeza inzake yofanana nayo. Koma ngati mukudziwa kuti mudzafuna 16GB mtsogolo, gulani ya 8GB lero, muiike pamodzi ndi ya 4GB ija, inzake mudzagule ndalama zikapezeka. Kusakaniza kukula kumatheka. Kungoti si RAM yonse imene imayenda m'njira ziwiri.

Opanga osiyana nthawi zambiri amagwirizana. Samsung, SK hynix, Micron, Kingston, Nanya ndi Ramaxel ndi maina amene mudzawapeze m'makina a mu ofesi, ndipo RAM zochotsedwa m'makina otere ndimazikhulupirira kuposa zatsopano zopanda dzina lodziwika. RAM siitha msanga ngati hard disk, ndiye yogwirapo kale ntchito si yoopsa, bola iyesedwe.

Popita kokagula:

- Tengani chithunzi cha sitika, kapena RAM yeniyeniyo mutaikulunga m'pepala. M'jumbo wamba ayi, chifukwa pulasitiki imasunga magetsi othetheka aja.
- Ngati n'kotheka nyamulani bokosi lonse. Ndi katundu, inde, koma kuyesera pa kauntala kumathetsa mikangano yonse.
- Werengani sitika nokha, chilembo ndi chilembo. Mawu akuti "imalowa paliponse" asakugonjetseni.
- Yang'anani mano agolide. Akhale osapsa, osakandika kwambiri, ndipo tizidutswa tating'ono ta pamwamba pa manowo tisakhale tothothoka.
- Gwirizanani za kubweza musanalipire, ndipo zilembedwe pa lisiti.

Mukatuma m'bale wa ku Johannesburg kapena ku London, musamuuze kuti "ndigulire RAM ya 8GB". Mulembereni mzere wonse: DDR3, PC3-12800U, DIMM ya mapini 240, yopanda ECC, ziwiri za 4GB. Mumupemphe akutumizireni chithunzi cha sitika asanalipire.

## 10. Kuika

1. Zulani chingwe, dinani batani loyatsira, gwirani chitsulo cha bokosi, monga munachitira poyamba.
2. Sesani fumbi m'malo a RAM ndi kaburashi. Malo amene akhala opanda kanthu kwa zaka amadzaza fumbi, makamaka m'miyezi yotentha. Musapemerere ndi pakamwa, malovu amalowa.
3. Ngati malo ndi anayi ndipo mukuika ziwiri, ziikeni m'malo a mtundu umodzi. Pa ma OptiPlex ambiri mumayamba ndi a timakutu toyera. Manambala a malowa amalembedwa pa motherboard, ndipo makina ena ali ndi chithunzi kunsi kwa chivundikiro.
4. Tsegulani timakutu. Linganizani kampata ka RAM ndi kamtunda ka m'malo mwake.
5. Kanikizani kumapeto onse awiri ndi zala zazikulu mpaka timakutu titseke tokha ndi kaphokoso. Pamafunika mphamvu yoposa imene mukuganiza. Ngati mwatseka timakutu ndi dzanja RAM isanafike pansi, sinalowe.
6. Walitsani tochi. Mano agolide asaoneke kwambiri mbali imodzi kuposa inzake.

## 11. Yesani musanakhulupirire

Yatsani. Makina a Dell ndi HP amatha kuonetsa uthenga woti kukula kwa RAM kwasintha, n'kupempha kuti mudine F1. Si vuto, ndi umboni woti aiona. Lowani mu BIOS muone chiwerengero: F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa Lenovo. Mu Windows tsegulaninso CPU-Z, pa Channel pakhale Dual ngati mwaika ziwiri. Mukaona kuti pa 8GB yogwiritsidwa ntchito ndi 7.9GB, musadandaule, pang'onopo patengedwa ndi zithunzi.

Kuyaka kokha sikutanthauza kuti RAM ili bwino. Yowonongeka pang'ono imayatsa makina, kenako n'kumawononga mafayilo mwakachetechete kapena kubweretsa sikirini ya buluu pakati pa ntchito. Ikani MemTest86 kapena Memtest86+ pa fulashi, muyatsire makina pamenepo, muisiye izungulire kangapo. Zimatenga maola, choncho sankhani nthawi imene magetsi sathimathima. Ngati mulibe fulashi, dinani Windows ndi R, lembani mdsched, makina adziyesa okha poyakanso. Cholakwika ngakhale chimodzi chikaoneka, yesani RAM iliyonse payokha kuti mupeze yodwalayo, muibweze tsiku logwirizana lisanadutse.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kuweruza msanga kuti RAM ndi yakufa. Sikirini ikakhala yakuda, makina akulira kapena getsi la pa batani likuphethira, chotsani RAM yonse, muike yatsopano imodzi yokha m'malo oyamba. Ikakana, isunthireni m'malo ena. Kenako bwezerani yakale yokha. Yakale ikayaka m'malo onse koma yatsopano ayi, bwererani ku gawo 4 ndi 7, chifukwa yankho lili pa sitika. Nthawi zambiri, kungoichotsa n'kuikanikizanso bwino kumathetsa nkhani.

Mano akuda. RAM imene yakhala m'dirowa imachita litsiro pa mano. Pukutani mofatsa ndi labala yoyera ya pensulo, musese zinyenyeswazi ndi burashi. Sandipepa, mpeni ndi madzi ayi.

Kuiwala BIOS yakale. Makina ena amalandira RAM zazikulu pokhapokha BIOS itasinthidwa. Tengani fayilo yake pa tsamba la wopanga, ya dzina la makina anu enieniwo, ndipo chitani izi RAM yakale ili momwemo. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyi motherboard itha kufa, ndiye popanda UPS (batire lopereka magetsi akathima) ganizani kawiri.

Kugula RAM ya laputopu chifukwa manambala akufanana. PC3-12800S ndi PC3-12800U zimasiyana chilembo chimodzi, koma ya S ndi yaifupi, pafupifupi theka la kutalika kwa ya U.

Kuyembekezera kuti RAM itsegula Windows 11. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo anthu ena akugula RAM poganiza kuti ndiyo ikuwatsekereza. Windows 11 imafuna 4GB, koma imafunanso TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi purosesa yatsopanoko, pa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. OptiPlex 7010 ngakhale muidzaze RAM siikwaniritsa zimenezo. Ngati cholinga ndi Windows 11, ndalamazo zisungireni makina ena. Ngati cholinga ndi kupitiriza ntchito ndi makina omwewo, Linux Mint, yolowa m'malo mwa Windows, imayenda bwino kwambiri pa 8GB.

Kugulitsa kapena kutaya RAM yakale tsiku lomwelo. Isungeni kwa milungu ingapo m'kajumbo kaja konyezimira kamene yatsopano inabweramo, mulembepo dzina la makina amene inachokera. Kompyuta ikadzayamba kuzima yokha kapena kukana kuyaka, RAM yakaleyo ndiyo idzakuuzeni m'mphindi zisanu ngati vuto ndi yatsopanoyo kapena lili pena.